Chala cha Mayi Magdalena

Pa boma la Nsanje palibe amene samudziwa Filomena wa mapepala a nyumba. Si loya ayi, ngakhale ena amamutchula choncho akafuna kumunyengerera. Loya mwini wake amakhala ku Blantyre, amabwera kamodzi pa mwezi n'kudandaula za kutentha mpaka kubwerera. Ntchito yonse amagwira ndi Filomena m'kaofesi kake kuseri kwa msika: kufufuza ngati wogulitsa nyumba alidi mwini wake, kulemba mafomu osinthira umwini, kusainitsa, n'kutumiza fayilo kwa bwana wake. Koma mayi ameneyu ngwouma mutu, abale inu. Sasainira umboni ngati sanamuone wogulitsayo ndi maso ake akusaina kapena kudinda chala. Amene ankakhala pa mpando umenewo iye asanabwere anasainira munthu wosamuona, ndipo anakagona ku ndende zaka ziwiri. Filomena ali ndi ana awiri, ndende sakuifuna.

Mwezi wa Novembala kunabwera fayilo ya nyumba ina ya malata cha kumunsi, kufupi ndi Shire. Ogula anali a Symon, aphunzitsi a ku pulayimale. Woyendetsa malondawo anali Augustine, bambo wolankhula mothamanga amene amachita geni ya nsomba ku Bangula. Vuto linali limodzi: mapepala a nyumbayo anali m'dzina la mayi ake, a Magdalena. Augustine anati amayiwo ndi okalamba, sadziwa kulemba, ndipo akukhala kwa achibale ku Ndamera. Anapempha kuti angotenga fomuyo akawadinditse yekha. Filomena anangomuseka. Atakokanakokana anagwirizana kuti Lachinayi madzulo, dzuwa likachepa ukali, Augustine abwera nawo amayiwo pa nyumba yogulitsidwayo, Filomena akawapeze komweko.

Lachinayi limenelo magetsi anathima kuyambira m'mawa. Anayaka cha m'ma faifi, ndipo pomwe Filomena amamaliza kusindikiza mafomu kunali kutayamba kuda. Anakwera kabaza. Wakabazayo anamutsitsa pamphambano ati kumunsiko kuli mchenga, njinga siyenda. Filomena anayesa foni ya Augustine kawiri, sinkapezeka. Anatukwana chamumtima n'kutsetsereka wapansi.

M'makomo anthu anali panja monga mwa nthawi zonse nyengo yotentha. Mawailesi, mbale kulira, ana kukangana. Atangolowa pabwalo la nyumba ija, phokoso lonse linangoti zii. Nyumbayo inali yamdima, chitseko chili ndi loko. Pakhoma pankaoneka mzere wa matope ouma wofika m'khosi mwa munthu, pamene madzi osefukira analekeza. Ndipo udzudzu wa ku Nsanje mumaudziwa inu, umakuluma ngakhale ukuthamanga. Pabwalo limenelo panalibe ndi umodzi womwe. Kamphepo kozizira kankamupita m'miyendo.

Pakhonde panali gogo wina atakhala pamphasa, miyendo atatambalala. Analibe nyali.

Filomena anagwada n'kupereka moni m'Chisena. Gogoyo anayankha bwinobwino, mawu ake apansipansi. Anati ndi iwowo a Magdalena. Za Augustine anati sanafike. Filomena anafuna kufunsa kuti nanga iwo abwera ndi yani kuchokera ku Ndamera, koma anazisiya. Anaganiza kuti mwina mwanayo wapita kukagula kandulo. Anadikira pang'ono. Palibe anabwera.

Basi, anati ntchito ndi ntchito. Anapempha chitupa cha unzika. Gogoyo anamasula mfundo ya pakona ya chitenje n'kumupatsa. Chitupacho chinali chonyowa, chonunkha thope. Filomena anayatsa tochi ya pafoni. Nkhope inali yomweyo, dzina lomwelo la pa mapepala a nyumba. Anakopera nambala pa fomu, mtima wake n'kukhalako pansi.

Lamulo la ntchitoyi ndi lakuti munthu wosadziwa kuwerenga umamuwerengera fomu yonse m'chinenero chake asanadinde. Ambiri amadumpha zimenezi, koma Filomena ayi. Anayamba kumasulira mzere ndi mzere. Gogoyo anangokhala phee, kumvetsera. Atafika pamene pamati wogula akutenga malowo, nyumba, ndi zonse zili pamenepo, gogoyo anamugwira pamkono.

"Werenganinso pamenepo."

Filomena anabwereza.

"Zonse zili pamenepo?"

"Zonse, mama."

Kenako gogoyo anafunsa ngati mwana wawoyo ali pa mavuto. Filomena anati sakudziwa, iye amangolemba mapepala. Gogoyo anapuma mozama n'kutambasula dzanja. Filomena anagwira chala chachikulu kuti achipake inki, ndipo thupi lonse linamuchita tsemwe. Chalacho chinali chozizira ngati nsomba yongovuula kumene. Anachidinda pa fomu, chidindo n'kutuluka bwino, mizere yonse kuoneka.

"Mukawauze aphunzitsiwo," anatero gogoyo. "Chimbudzi akumbe pena paliponse, koma osati kuseri kwa mtengo wa nimu uwo."

Filomena anasokonezeka. Pa fomu panalibe pamene panalembedwa kuti a Symon ndi aphunzitsi, ndipo iye sanatchule. Komabe anati mwina Augustine anawauza. Analemba mawuwo pachikuto cha fayilo kuti asaiwale, anasaina dzina lake pa mzere wa mboni, n'kuika tsiku. Anabweza chitupa. Gogoyo anati takhuta, zikomo ya Chisena. Atangofika pamsewu kutentha kunamumenya kumaso, udzudzu n'kumuunjirira. Anacheuka, koma pakhondepo panali mdima wokhawokha, sanathe kuona ngati pali munthu.

Usiku umenewo anagona mwa apo ndi apo. Dzanja lake linkanunkhabe thope ngakhale analisamba ndi sopo kawiri.

M'mawa cha m'ma seveni foni inalira. Anali Augustine, kupepesa mothamanga monga mwa khalidwe lake. Ati dzulo galimoto inasowa ku Ndamera, foni n'kuthera moto, ndiye sanabwere. Tsopano ali m'njira ndi amayi, afika ku ofesi nthawi ya naini. Filomena anatsegula pakamwa, koma Augustine anali atadula kale.

Anakhala pabedi fayilo ili pamiyendo. Chidindo chinalipo. Siginecha yake inalipo. Nanga amene akubwera ndi Augustine ndi ndani? Nanga wadzulo uja anali ndani? Anavala n'kuthamangira kumunsi kuja osamwa ndi tiyi yemwe.

Pakhonde panali fumbi lambiri ndi ndowe za mbuzi. Mphasa panalibe. Mapazi amene ankaoneka anali a nsapato zake zokha, ndi pamene anagwada paja. Mayi wa nyumba yoyandikana, a Emmie, anasiya kusesa n'kumukodola. Sanafune kulowa pabwalopo. Anayankhula monong'ona, maso ali ku mtengo wa nimu.

Anati dzulo onse anamuona atagwada pakhondepo, tochi m'manja, akuwerenga Chisena yekhayekha. N'chifukwa chake anathimitsa mawailesi n'kulowetsa ana m'nyumba. A Magdalena anamwalira sabata ya namondwe wa Freddy. Manda onse anali pansi pa madzi, njira kunalibe, ndipo mtembo sukadatha kudikira ndi kutentha kwa kuno. Amuna anayi anakumba pa kachitunda kuseri kwa nimu n'kuwaika pomwepo, ndi chitenje chomwe anavalacho. Anapangana kuti madzi akaphwa adzawasamutsira ku manda enieni. Augustine anati achita, achita, mpaka lero. Imfayo sanakailembetse kulikonse.

Filomena anapita kukasuzumira. Panali miyala isanu yoyalidwa ndi dothi lotitimira pang'ono, basi. Anachita mantha, inde, koma chimene chinamukulira chinali chisoni. Gogo uja anali atamufunsa za mwana, osati za nyumba.

Pofika ku ofesi anapeza Augustine atakhala kale pabenchi ndi mayi wina wachikulire, wonenepa, thukuta lili kamukamu. Nkhope sinali ya pa chitupa chija ngakhale pang'ono. Augustine anatulutsa fotokope yosaoneka bwino ya chitupa, ati chenichenicho chinapita ndi madzi. Mayiyo anali atatambasula kale chala, zikuoneka kuti anamuphunzitsa bwino m'njira.

Filomena sanakalipe. Anatsegula fayilo n'kuitembenuzira kwa Augustine.

"Eni ake adinda kale."

Augustine anaseka, ati zocheza zanji m'mawa uno. Anaona chidindo, anaona nambala ya chitupa, kuseka kuja n'kuchepa. Kenako maso ake anagwera pachikuto, pa mawu aja a chimbudzi ndi mtengo wa nimu. Anawawerenga. Anatsetsereka pabenchi n'kukhala pansi pasimenti, manja kumutu. Mayi uja anabweza chala chake n'kuchibisa m'chitenje. Anakana m'Chisena kuti nkhabe, iye anangouzidwa kuti akathandize mwana wa mlongo wake, za akufa sazilowa. Anatuluka osatsanzika.

Augustine anafunsa mwakachetechete ngati amayi ake anakwiya. Filomena anati ayi, sanakwiye. Bamboyo analira ngati mwana, ndipo anthu a mumsika anayamba kusuzumira pawindo.

Nthawi ya teni bwana anaimba kuchokera ku Blantyre. Ankafuna fayiloyo ikwere minibasi ya masana chifukwa a Symon akufuna kulowa m'nyumba mwezi usanathe. Filomena anati pali vuto pang'ono. Bwanayo anayamba mafunso ake a masiku onse. Wogulitsa anamuona ndi maso ake? Inde. Chitupa chinagwirizana? Inde. Anamuwerengera fomu yonse, anamvetsa, anadinda mosakakamizidwa? Inde, zonsezo inde.

"Ndiye vuto n'chiyani, Filomena?"

Filomena anayang'ana dzina lake pa mzere wa mboni. Akatumiza fayiloyo, tsiku lina khoti lidzamva kuti anasainira munthu woikidwa kale m'manda, ndipo palibe woweruza adzamvere za pakhonde paja. Akaing'amba, ndiye kuti akukana zimene anaona ndi maso ake, n'kutaya mawu amene gogo uja anamutuma. Zaka zisanu ndi zitatu pa ntchitoyi, anali asanasowepo chochita chonchi.

"Bwana," anatero, "wogulitsa akakhala kuti anamwalira koma wabwera yekha kudzadinda, timalemba fomu iti?"

Minibasi ya masana inanyamuka fayilo ili patebulo.