Nthanga za Hilda Zigona M'nyumba

Hilda ankakhala ku Scarborough, m'dziko la Canada. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti amayi ake adye nkhwani.

Amayi anali oyembekezera, mimba itangoyamba kumene. Nyama ankaikana. Nsomba ankaikana.

"Ine nkhwani basi," ankatero amayi.

Kusitolo kunali maungu aakuluakulu. Koma masamba ake kunalibe.

"Anthu akuno ngodabwitsa," anatero amayi. "Ndiwo amataya!"

Hilda anali ndi nthanga za maungu m'kampango. Anamupatsa ndi azakhali ake a ku Dedza.

Mu Novembala kunagwa mvula. Bambo ake a Hilda, a Medson, anadumpha pampando.

"Mvula yodzalira iyi! Hilda, tenga nthanga!"

Bambowa anaiwala kuti kuno si ku Dedza. Anakumba mapando kuseri kwa nyumba. Hilda anadzala. Anadikira. Anadikirabe.

Sikunamere kanthu. Kunagwa chipale choyera ngati ufa. Nthaka inauma gwa!

Bambo anakanda m'mutu. "Pepa, mwana wanga. Mvula yandinamiza."

M'kampango munatsala nthanga zochepa. Zikafa izi, nkhwani kulibe. Hilda anamva chisoni.

Miyezi inadutsa. Tsiku lina Hilda anakhala pazenera. Panja panali pozizira. Koma pazenera panali kadzuwa.

"Bambo, nthanga zimaopa kuzizira," anatero Hilda. "Bwanji zigone m'nyumba ngati ife?"

"Munda m'nyumba? Unamva kuti?"

"Kusukulu tinadzala nyemba m'makapu. Zinamera! Chonde, bambo."

Nthaka yapanja inali idakali gwa. Bambo anakagula dothi la m'thumba. Anapukusa mutu njira yonse.

"Ine kugula dothi! Ku Dedza akamva andiseka."

Bambo anaboola zitini kunsi. Hilda anathiramo dothi. Anadzala nthanga zonse. Anathirira pang'ono. Anaika zitini pazenera.

M'mawa uliwonse Hilda ankasuzumira.

"Mwadzuka bwanji, nthanga?"

Nthanga zili zii.

"Mwadzuka bwanji, nthanga?"

Nthanga zili zii. Mtima wa Hilda unali m'mwamba.

Kenako m'mawa wina, taonani! Kamutu kobiriwira kanasuzumira m'chitini.

"Amayi! Bambo! Zadzuka!"

Masamba anatuluka. Masamba anakula. Amayi anatambasula dzanja mwakachetechete.

"Ayi, amayi!" anatero Hilda. "Akadali ana."

Amayi anaseka. "Chabwino, alimi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Chipale chinasungunuka. Mvula inagwanso. Ulendo uno bambo sanadumphe.

"Hilda, titulutse mbewu?" anafunsa.

"Ayi, bambo. Kukadali kozizira."

Kumapeto kwa Meyi kunafunda. Hilda ndi bambo anaokera mbewu panja. Maungu anayanga mpaka kumpanda.

Hilda anatchola masamba anthete. Bambo anawasenda, n'kuphika. Nsinjiro kunalibe. Anatendera ndi chiponde.

Amayi analawa. Anatseka maso. Misozi inatsika.

Hilda anachita mantha. "Sizikukoma, amayi?"

"Zakoma, mwana wanga. Zakoma ngati kwathu. Bwera, gwira apa."

Hilda anaika dzanja pamimba pa amayi. Kanthu kena kanamumenya. Gu! Gu!

"Wamva?" anatero amayi. "M'bale wako akuti uwonjezere."

Hilda anathamangira kumphika.