Yusni ndi Agogo a M'nsungwi

Yusni anali ndi mbuzi imodzi. Dzina lake linali Manih. Ha, mbuzi yake! Yonenepa, yosalala. Ngakhale pamsika wa mumzinda wa Padang simungaipeze yotere.

Yusni ankaopa chinthu chimodzi. Ankaopa kutaya Manih.

M'mudzimo mbuzi zinkagona panja. Ankazimangirira pamitengo, m'mphepete mwa nkhalango.

Tsiku lina kunacha ndi nkhungu. Mbuzi ya a Syafril, malume ake a Yusni, inasowa. Panatsala chingwe chokha. Pamatope panali phazi. Phazi lalikulu ngati mbale.

"Ndi kambu..." anayamba Yusni.

Amayi anamugwira pakamwa. "Dzina limenelo sititchula. Amamva. Timangoti Agogo."

Agogo anali kambuku wamkulu wamizeremizere.

"Agogo kaya Agogo, ine nditchera msampha," anatero malume. "Nyambo akhala Manih."

"Manih wanga? Ayi, malume!"

"Khala chete, kamwana iwe!"

Yusni anapita kukamasula Manih. Nkhungu inali isanachoke. Anyani anasiya kulira. Mbalame zinasiya kulira. Nkhalango yonse inangoti zii.

Manih ananjenjemera.

M'nsungwi munali mizere. Mizere yakuda. Mizereyo inkapuma. M'nsungwi munali maso awiri. Masowo ankayang'ana Yusni.

Yusni sanathawe. Agogo sitiwafulatira.

"Zikomo, Agogo," ananong'oneza. "Ndine mdzukulu wanu. Ndidutse nawo."

Anagwiritsa chingwe cha Manih. Anayenda chafutambuyo. Pang'ono, pang'ono. Maso aja anaphethira. Mizere ija inasowa.

"Ndawaona Agogo," Yusni anatero kunyumba. "Sanandikhudze."



"Ife timagona m'nyumba," anatero Yusni. "Timatseka chitseko. Nanga mbuzi? Timawasiyira Agogo chakudya panjira. Alekerenji kudya?"

Amayi anaseka. "Achimwene, msampha wanu uja unakola ndani chaka chatha? Si mwendo wanu womwe?"

Malume anakanda mutu. Kenako anatenga chikwanje.

Malume anadula nsungwi zomangira khola la mbuzi. Bambo anakumba maenje. Amayi ndi Yusni anamanga zingwe. Anzawo a m'mudzi anabwera kudzathandiza. Khola linakwera, linakwera. Linali ndi denga. Linali ndi chitseko. Khola lake! Ngakhale njovu ikanabwerera.

Mbuzi zonse zinagona m'kholamo.

Kutacha, nkhungu inabweranso. Pamatope panali mapazi. Mapaziwo anazungulira khola. Anazunguliranso. Kenako analowera kunkhalango.

M'khola munali zii.

Yusni anafika pakhomo la khola. Anatsegula chitseko pang'onopang'ono. Malume anawerama n'kusuzumira.

"Meee!"

Manih anatulukira, wamoyo, wanjala. Anawatsomphola malume chipewa.

"Chipewa changa, mbuzi yamwano iwe!"

Bambo anaseka. Amayi anaseka mpaka misozi. Yusni anakumbatira Manih pakhosi. Manih ankangotafuna.