Nambala Yaing'ono Ija

Mpando wa Masamu unali utakhala wopanda munthu masiku atatu, mayeso atatsala sabata imodzi. Kabwana, mnzake wa desiki imodzi, mtima sunali m'malo. Awa anali maina a kusukulu. Masamu ankatafuna nambala ngati chingamu, pomwe Kabwana bambo ake anali mkulu wa fakitale ya sopo, komwe mayi a Masamu ankasesa.

Pafakitalepo panali lamulo lomwe eni ake anaika antchito atanyanyala: malipiro a bwana asapose malipiro a wantchito wotsikitsitsa kuchulukitsa kakhumi. Mayi a Masamu ankalinyadira lamuloli. "Abwana akafuna kukwera, ayambe anyamula ine ndi tsache langa," ankatero.

Koma abwanawo kunyamula munthu sanazolowere. Mwezi wathawo, pachakudya chamasana kunyumba, anadandaula mpaka mbale kuzizira.

"Anzanga akusintha magalimoto, ine andimangirira kutsache!"

Kabwana, pofuna kuonetsa nzeru zomwe Masamu anamuphunzitsa, anayankha chakudya chili m'kamwa. "N'zosavuta, adadi. Mukachotsa nambala yaing'ono, yotsatirayo ndiyo imakhala yaing'ono."

Bambo ake anaika supuni pansi, n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaseka. "Fizi yanga sikupita pachabe."

Tsiku lachinayi ataweruka, Kabwana anapita kukamuona mnzakeyo. Anamupeza pakhonde la chipinda chawo cha lendi, akudula sopo m'tizidutswa togulitsa.

"Osesa onse anawachotsa," Masamu anatero osadzutsa mutu. "Tsopano akusesa aganyu a kampani ina, omwe fakitale siwawerenga ngati antchito ake. Wotsikitsitsa pano ndi woyendetsa makina. Komiti ya fakitale inakhala, bambo ako awakweza. Lamulo silinaphwanyidwe ngakhale pang'ono."

"Nanga mayeso?"

"Ukalembe iweyo. Ndalama ya mayeso tinalipirira nyumba."

Mayi a Masamu anatulukira pakhomo, manja ali m'chiuno. "Mwanangu, ukawauze bambo ako kuti amene anawapatsa nzeru imeneyi ndi wophunzira zedi. Sukulu yake inamupindulira."

 Kabwana anadzida koopsa.

Kunyumba anapeza galimoto yatsopano pabwalo, mipando idakali m'mapulasitiki.

"Lowa, katswiri wanga wa masamu!" bambo ake anafuula. "Theka la galimotoyi ndi lako. Mawa ndikakutula pageti penipeni pa sukulu."

"Adadi, amene anandiphunzitsa masamu aja salemba mayeso. Mayi ake ndi aja ankasesa mu ofesi mwanu."

"Ati chiyani?" Bamboyo anali akusinthasintha wailesi ya m'galimoto, ndipo sanadikire yankho.

M'mawa mwake hutala ya galimoto inalira kawiri pabwalo, koma Kabwana anali atatulukira kale kukhomo lakuseri, wapansi. Anafika mochedwa, nsapato zili mbuu, n'kukhala pafupi ndi mpando wopanda munthu uja. Atatsegula kope la masamu, m'mphepete mwa tsamba lililonse munali zolemba za Masamu, zomukonzera pomwe analakwitsa.