Flashi m'Thumba la Malaya a ku Tchalitchi

Ana inu, ndisanapitirize ulendo wanga, imvani nkhani iyi. Ndinaimva koyamba nditakwera pamwamba pa mabelo a fodya, pa lole yochokera ku Chulu, chaka chimene makuponi a pepala anatha, feteleza wotchipa n'kuyamba kugulidwa ndi chiphaso cha unzika. Ndayenda maboma ambiri chiimvereni, koma sinandichoke m'mutu.

Chiyamiko anali mwana wa a Cornelius Mphepo, mlimi wa fodya komanso mkulu wa mpingo. Pakhomo pawo khasu silinkagwidwa anthu asanapemphere. Chiyamiko atamaliza fomu folo anamulemba ntchito pa depoti ya feteleza. Mlimi akabwera ndi chiphaso, iye ankachionetsa ku kompyuta, mlimiyo n'kunyamula matumba ake awiri.

"Mayina ali mmenemo ndi mimba za anthu," anatero bambo ake. "Usakasewere nawo."

"Ndamva, bambo."

Sipanapite mwezi, kunatulukira Lucious, venda wa m'tauni wa mafoni awiri ndi nsapato zosongoka.

"Aise, makiyi a nkhokwe yonseyi uli nawo ndiwe, koma ukupalasa njinga ya mdala wako? Yoimitsa ndi chidendene?"

Chiyamiko anaseka, koma zinamulowa. Lucious anamufumbatitsa kaflashi, kachipangizo kolowetsa m'kompyuta.

"Ukangokalowetsa m'kompyuta, kamagwira ntchito kokha. Mayina amabwera kwa ine, feteleza ndikatengera kwina. Iwe njinga yamoto."

"Nanga alimi?"

"Udzawauza kuti netiweki yavuta. N'koyamba kodi?"

Amayi ake, a Vailet, anali atamuona kale mlendoyo. "Mnzako uja akamandipatsa moni amayang'ana nkhuku. Amalima chiyani?"

"Ndi wabizinesi, amayi."

"Bizinesi yopanda thukuta ndimaiopa ine, mwanawe."

Chiyamiko anasankha Lamulungu, poti Chulu yense amakhala ali m'tchalitchi. Kwaya itaimirira, anatuluka ngati wopita kuseri, n'kupalasa mpaka ku depoti. Analowetsa kaflashi kaja. Mayina anayamba kuthamanga pa galasi la kompyuta ngati nyerere, ndipo pakati pawo anaona lakuti Vailet Mphepo. Anazula kaflashiko msanga, koma anadziwa kuti wachedwa. Anabwerera ulaliki uli pakati, osamvapo ngakhale liwu limodzi.

Lolemba mzere wa alimi pa depoti unafika mpaka kumsewu. Kutsogolo kunali mayi Patuma, tenanti wa pa esiteti, mwana kumsana. Bambo ake a Chiyamiko analinso pomwepo. Kompyuta inakana kutseguka. Mvula inali pafupi, ndipo Chiyamiko ankadziwa kuti chimanga cha anthu onsewa chikafiira, wachifiiritsa ndi iyeyo.

Masana kunafika galimoto. Munatsika mayi Sellah, katswiri wa makompyuta wochokera kulikulu la kampani.

"Kompyutayi taitseka ndife," anauza anthuwo. "Kulikulu tili ndi pulogalamu imene imaphunzira. Palibe anaiuza nkhope ya wakuba. Imangoonerera mmene depoti iliyonse imagwirira ntchito, tsiku ndi tsiku, mpaka kuzolowera. Inaphunzira kuti kuno Lamulungu simugulitsa. Inaphunziranso kuti mayi wa ku Chulu amatenga nthawi kumasula mfundo ya chitenje kuti atulutse chiphaso. Ndiye dzulo, anthu muli m'mapemphero, mayina mazana anayi m'mphindi imodzi! Ndi mayi uti amamasula mfundo mwachangu chotero?"

Anthu anaseka, koma mayi Patuma sanaseke. "Feteleza wathu wapita?"

"Ngakhale thumba limodzi ayi, mayi. Pulogalamuyo inatseka njira dzina lililonse lisanatuluke."

Chiyamiko anakhala pa thumba la feteleza. Chibadwire anali asanapumepo mpweya wokoma ngati umenewo.

"Kachilombo ka m'kompyuta koba mayina komweka takaonanso m'madepoti ena awiri," anapitiriza mayi Sellah. "Kapangidwe kake n'kamodzi, mwini wake ndi mmodzi. Chatsala n'kudziwa amene anamutsegulira chitseko kuno. Achimwene, makiyi amasunga ndani?"

Chiyamiko anayang'ana bambo ake. Iwo anavula chipewa.

"Ndine," anatero Chiyamiko. "Ndinalowetsa ndine. Flashiyo ili kunyumba, m'thumba la malaya a ku tchalitchi. Nambala ya mwini wake nayi."

"Iwe, ndi dzina la mayi ako lomwe?" anafunsa a Cornelius, mawu ali pansipansi.

"Ndi lawo lomwe, bambo."

Apolisi anamugwira Lucious Lachiwiri pa boma. Chiyamiko anagona ku polisi masiku atatu, ntchito inatha, ndipo anapulumuka ndende chifukwa choulula ndi kuchitira umboni. Anaimanso pamaso pa mpingo wonse n'kunena tchimo lake ndi pakamwa pake. Lachitatu alimi ananyamula matumba awo, Lachisanu mvula inagwa. Chaka chimenecho iye anachithera m'chigafa, akusoka fodya pambali pa bambo ake, ndipo amene anandiuza nkhaniyi anati sanamumvepo akudandaula.

Ana inu, mverani. Wokunyengererani kuba sakuuzani kuti amene mukumubera ndi mayi wanu. Ndipo musati palibe akuona. Ngati makina opangidwa ndi munthu adziwa tsiku limene dzanja lanu lasintha, nanga Mlengi wa dzanjalo? Chiyamiko anapeza khomo lolapira lili chitsegukire. Si onse amalipeza.

Ndipatseni chikwama changacho. Ayi, chakudya ndikadyera kutsogolo. Ndikufuna ndikafike kwa Mwase anthu asanatseke zitseko.