Fomu ya pa Boti

Basi isanaime n'komwe pa depoti, namwino anali atamuona kale bwenzi lake. Anaima pafupi ndi ogulitsa nyuzi, atanenepako pang'ono, magalasi ali pamphuno. Zaka zitatu akungomvana mawu pa foni!

"Pulofesa wanga!" anafuula akutsika. Dzinali anamupatsa tsiku limene mnyamatayo ananyamuka kudzawonjezera maphunziro ku yunivesite ya mumzinda wa m'mbali mwa nyanjawu.

"Kanjiwa kanga, wafikadi? Anthu amatama nyanja ya kuno, koma lero yachita manyazi."

Pakamwa pa Pulofesa panali pothira shuga kuyambira kale, ndipo namwino ankadziwa. Komabe anasekerera, mano onse panja.

Tchuthi cha sabata imodzichi anachivutikira. Miyezi iwiri anagwira mashifiti a anzake kuti nawonso amugwirire ake. Ndipo sanabwerere nyanja ayi, anabwerera tsiku la ukwati. Paja lonjezo linali lakuti, "Ndikangomaliza, Kanjiwa, ndidzakuveka mphete anthu akuona." Maphunziro anatha chaka chatha, ntchito yothandiza kuphunzitsa inapezeka konko, koma za mphete kunali zii.

Pulofesa anamupezera chipinda ku nyumba ya alendo, chazenera loyang'ana kudoko. "Kwanga akupaka penti, ungadwale ndi fungo," anatero.

Lolemba anakwera nsanja yowunikira sitima, namwino akuwerenga masitepe mpaka mpweya kumuthera. Lachiwiri anazungulira m'nyumba yosungira zinthu zakale, momwe munali nangula wadzimbiri wotalika kuposa munthu. Lachitatu anatuluka mumzinda kukaona mapanga, mileme n'kumukuwitsa. Yunivesite anaionera kutsidya kwa msewu.

"Sitilowa?"

"Muli mayeso, mtima wanga. Alendo sakuwalola."

Kunena zoona, masikuwo anakoma. Pulofesa ankamunyamulira nsapato pamchenga, kumupukuta thukuta, kumusekesa mpaka nthiti kuwawa. Koma namwino akangoti, "Nanga nkhani yathu ija?" chala chinkaloza kwina.

"Taona sitima iyo! Ukudziwa imanyamula magalimoto angati?"

Ikakwana faifi koloko, Pulofesa ankathamangira kukachonga mapepala a ophunzira. Dzuwa likamalowa uthenga unkafika: "Upume bwino, mfumukazi yanga. Iwe ndi ine mpaka imvi." Namwino ankauwerenga kawiri, atakhala yekha pazenera. Kodi munthu amakusowa zaka zitatu n'kumakusiya dzuwa likanali m'mwamba? Kapena ndi iye amene ankaganiza mopitirira?

Achemwali ake nawo sankamupatsa mpata. "Zithunzi taziona, wawala mng'ono wanga. Koma alamu anena liti? Mayi akufunsa."

"Mawa ndimupanikiza," anayankha.

Loweruka, tsiku lomaliza, namwino anasankha yekha kopita: kuchilumba cha mbalame, ulendo wa pa boti. M'boti, anaganiza choncho, munthu alibe kothawira funso.

Pulofesa atamva anachita tsinya. Madzi ankawaopa koopsa, kusambira sankadziwa ngakhale pang'ono.

"Bwanji tingopita kumsika wa nsalu?"

"Sabata yonse wasankha ndiwe. Lero ndi langa."

Padoko, mayi wina wa chipewa chachikulu ankagawa majekete oyandamitsa. Anawapatsira fomu yopanidwa pakathabwa.

"Ana anga, palibe wokwera asanalembe apa. Dzina lanu, dzina la woti timudziwitse zitavuta panyanja, nambala yake, ndi ubale wanu. Musalembe zamasewera, ifetu timaimbadi."

Pulofesa anayang'ana mafunde amene ankamenya zipilala za doko. Analemba mofulumira, napereka kathabwako kwa namwino maso akadali pamadzi.

Namwino anagwira cholembera. Maso ake anagwera pamzere wa pamwamba. Panali dzina la mkazi amene sanamumvepo, nambala ya foni, ndipo pa ubale panalembedwa bwinobwino kuti, "mkazi wanga."

Anawerenga katatu. Sabata yonse munthuyu anakonza bodza lililonse mwaluso, koma mantha a imfa anamulembetsa zoona. Namwino analemba dzina la achemwali ake, n'kubweza fomu.

"Mwadwala, mwana wanga?" anafunsa mayi uja.

"Ayi mayi, ndili bwino. Tiyeni."

Boti litangotuluka padoko linayamba kudumpha. Pulofesa anamugwira mkono ndi manja onse awiri.

"Unakwatira liti?" anafunsa namwino, mawu ali pansi.

Shuga yense uja wa pakamwa pa Pulofesa anali atasungunuka.

"Wawerenga?"

"Ndafunsa kuti liti."

"Chaka chatha. Ali woyembekezera. Kanjiwa, ndimafuna kukuuza, Mulungu akudziwa! Tsiku lililonse ndimati ndinena lero. Ndiye ndikakuona ukuseka, ndimati aone kaye zokongola, asabwerere ndi misozi yokhayokha."

"Ndiye nsanja ija, mapanga aja, kunali kunditsanzika?"

Alendo anzawo ankakuwa ndi chimwemwe, akujambula mbalame zoyera zimene zinadzaza pamiyala. Namwino anaziyang'ana, misozi ikutsika, ndipo sanaipukute. Chimene chinamupweteka kwambiri sichinali mkazi winayo ayi. Chinali chakuti sabatayi anasangalaladi, ndi mtima wake wonse, ngati chitsiru.

Pobwerera mphepo inakula. Pulofesa anatseka maso, zala zake zikulowa m'mnofu wa mkono wa namwino. Namwino sanamukankhe. Kuntchito anazolowera kugwiridwa chotero ndi anthu amantha, ndipo sanasiyepo ngakhale mmodzi pakati pa ululu.

"Pumira m'kati, utulutse pang'onopang'ono," anamuuza. "Tatsala pang'ono."

Atafika anavula majekete. Pulofesa anali asanamusiyebe mkono.

"Ndimakukondabe, Kanjiwa. Tiye tikhale penapake tikambirane. Undikhululukira?"

Namwino anamuyang'ana nthawi yaitali, nkhope imene anaidikira zaka zitatu. Kenako anayamba kuchotsa zala zija pamkono wake, chimodzichimodzi.

"Tafika pamtunda, achimwene," anatero. "Pano simumira. Ndisiyeni."