Wodwala wa a Kaputeni

Madzulo amenewo matewera ndinayanika m'nyumba, poti mfuti zinali zitayamba kulira kutsidya kwa mlatho. Bambo a mwana anali kunkhondo. Magetsi kunalibe. Nditangogoneka mwana, ndinamva kugogoda. Kugogoda kwaulemu, kosathamanga.

"Ndani?"

"Kaputeni, mayi. Tabwera ndi wodwala."

A Kaputeniwo ndinkawadziwa, ndi amene ankalondera nyumba yosungiramo zinthu zakale kuseri kwathu. Asilikali awo ananyamula machira. Pamachirapo panali munthu wamtali, wofunditsidwa mpaka kumutu. Mapazi okha ali panja, akuda bii, osagwedera.

"Awatu ndi maliro," ndinatero.

"Ndi chiboliboli, mayi, chakale kuposa tauni ino. Bomba lagwetsa denga lathu, ndipo akuba akulowa nyumba iliyonse. Koma wodwala samuvundukula. Mumugoneke pabedi."

"Bedi la amuna anga?"

"Ndi za dziko, mayi."

Za dzikozo zinagona pabedi, ine ndi mwana pansi.

Tulo osabwera. Kandulo inatha. Kenako bedi linalira, kwiii, ngati munthu akutembenuka. Ndinati ndi makoswe. Linaliranso. Mwana anadzuka, m'malo molira anayamba kuseka, maso ali kubedi. Ndinafunda kumutu.

Kutacha, apongozi anga analowa osaodira, mwachizolowezi chawo. Anaona mapazi.

"Mwana wanga akuzinda zipolopolo, iwe ukufunditsa mwamuna bulangeti lake!"

"Amayi, ndi mtengo."

"Nonse mumatero!"

Anamenya mapaziwo ndi ndodo ya tsache. Ndodo inathyoka. Atavundukula, ine ndinabwerera m'mbuyo. Chibolibolicho asilikali aja anachigoneka chagada. Tsopano chinali chitagonera m'mbali, nkhope kukhoma.

"Wamtengo kaya wamnofu, ndi mwamuna basi," anatero apongozi. "Mwana wanga azimva zimenezi."

Banja langa lithe chifukwa cha chipika? Ndinabereka mwana n'kukawatenga a Kaputeni. Anafika, anawachitira apongozi sawasha, n'kupempha kuti chikhalebe mpaka msewu utatseguka. Ndinawakokera pambali.

"Bwana, chinthu chanuchi chikutembenuka."

Anayang'ana nsapato zawo. "Alonda athu ankanenanso. Koma sichinapwetekepo munthu."

"Ndigona pano ndine," anatero apongozi. "Ndione amene amalowa."

Ananditumiza kwa aneba, iwo n'kukhala pampando pafupi ndi bedi, ndodo yatsopano ili m'manja. Kusanache, aneba anawaona akudutsa mumsewu liwiro la mtsikana, mpango uli m'manja, kuphazi kopanda kanthu.

Msewu utatseguka, asilikali anadzatenga wodwala wawo. Apongozi sanandiuze chimene anaona, ndipo kwa mwana wawo sananene kanthu. Koma pampopi amayi amanong'onezana zimene apongoziwo anayankha atafunsidwa:

"Mpongozi wanga musamunene, ndi wokhulupirika. Palibe mkazi angakonde mwamuna wa mkonono ngati umene uja."