Banzi Lochokera M'sitima

Chimene chinamuzunguza mutu Zelipa m'mawa umenewo si kuchepa kwa banzi lija ayi. Makoswe a ku Erdington, dera la mumzinda wa Birmingham ku England, ndi olimba mtima, amadutsa m'makoma a nyumba zogundizanazi ngati nawonso amalipira lendi. Chinamudabwitsa ndi kansalu. Usiku anasiya banzilo litakulungidwa m'kansalu koyera kopukutira pakamwa, pakatebulo ka mbali imene ankagona amuna ake, malemu a Dixon. Podzuka anapeza kansaluko katapindidwa bwinobwino, ngodya kukumana ndi ngodya inzake, theka la banzi lili pamwamba pake, theka linalo kulibe. Anayang'ana pansi pa bedi, anayang'ana kuseri kwa katebulo, osapeza ngakhale nyenyeswa. Ndipo khoswe sapinda nsalu.

Banzilo linali ndi mbiri yake. Mwana wawo Thandiwe ndiye anawagulira ulendo wa pa sitima yaikulu yapanyanja, yonyamuka ku Southampton kupita kumapiri a ku Norway, kuti makolo ake apumeko. Zelipa ndi namwino pachipatala cha ku Nuneaton, ndipo a Dixon imvi zinawamerera pafakitale ya magalimoto ku Solihull. Awiriwa anali asanakwerepo ngakhale bwato.

Sitimayo inali mzinda wathunthu, chakudya chake chochita kutopetsa maso. Koma a Dixon anali ndi vuto lawo lakale: anali amanzere. Ali mwana kwawo ku Dedza analandira mikwapulo yokwanira chifukwa chotapa ndiwo ndi dzanja limenelo, moti anakula akudyera lamanja pagulu, mochita kuvutika ngati munthu wolemba ndi phazi. Lamanzere linkaonekera pakhomo pokha, chitseko chili chotseka. Tsono m'chipinda chodyera cha m'sitimamo anawakhazika tebulo limodzi ndi azungu osawadziwa, mipeni ndi mafoloko zitandandalika ngati zida za dokotala. Zelipa anayesa kuwanong'oneza kuti azunguwo nawonso foloko amaigwirira kumanzere, koma mkwapulo wa paubwana sumva zimenezo. Tsiku loyamba lomwelo nthuli ya nyama inathawa m'mbale yawo n'kukatera pasiketi ya mayi wina. Kuyambira pamenepo a Dixon anati nyanja ikuwachititsa chizungulire, ndipo sanatulukenso m'kachipinda kawo nthawi ya chakudya.

Munthu woleredwa bwino kwathu sachoka paphwando chimanjamanja pamene wina watsala kunyumba. Zelipa anayamba kuwatengera. Koma iye ankaganiza kuti kutulutsa chakudya m'chipinda chodyeramo n'koletsedwa, ndipo kufunsa kunkamuchititsa manyazi, poopa kuti anthu anena kuti taonani akudawa ayamba. Choncho ankadikira kuti anzake a patebulo ayang'ane kumbali, n'kukulunga nyama ndi banzi m'kansalu, n'kulowetsa m'chikwama mtima uli thithithi ngati mbala. Akafika ankapeza a Dixon atayala thawulo pakatebulo, atasamba kale m'manja. Ankadya ndi lamanzere lawolo mosangalala, ndipo chilichonse ankachibenthula pakati.

"Theka ndi lanu, amake Thandi."

Zelipa akati wadya kale, iwo ankayankha kuti, "Uko munadya ndi alendo. Apa mudye ndi ine." Akamaliza ankapinda kansalu kaja, ngodya kukumana ndi ngodya inzake, n'kukasalaza ndi chala chachikulu.

Madzulo omaliza a ulendowo kunali chakudya chapadera, anthu atatchena. A Osborne ndi akazi awo, okalamba amacheza amene ankakhala nawo patebulo, tsikulo sanafune kudzuka. Anamuonetsa zithunzi za zidzukulu, za agalu, za munda wa maluwa, Zelipa akungomwetulira uku dzanja lili pachikwama, kudikira mpata. Mpata utapezeka mochedwa kwambiri, woperekera zakudya anamuona akulowetsa banzi m'chikwama. Anawerama n'kumuuza mwaulemu kuti palibe chifukwa chobisira: akanatha kunyamula mbale yonse poyera, kapena kungoimba foni kuti chakudya chibwere kuchipinda. Akulu anati manyazi anapha lambe. Sabata yonse Zelipa anakhala akuba chakudya chake chomwe. Anayenda m'makonde aatali a sitimayo akuseka yekha, mbale ya nkhuku ili m'manja, banzi lili m'chikwama, akuganiza mmene a Dixon akasekere.

Anapeza thawulo litayalidwa, tambula ya madzi ili pambali, a Dixon ali pampando mutu utaweramira pachifuwa. Pokhala namwino, anadziwa asanawakhudze. Dokotala wa m'sitimamo anati ndi mtima, ndipo ngakhale akanafulumira sizikanasintha kanthu. Zelipa zimenezo anazimva ndipo sanatsutse. Chimene chinamukhala pamtima ngati mwala ndi china: amuna ake anapita ndi njala, atasamba m'manja, akudikira iyeyo.

Maliro anakaika ku Dedza. Atabwerera ku Erdington ndi pamene anapeza banzi lija m'kathumba ka m'kati mwa chikwama, litauma gwa. Kulitaya kunamukanika, chifukwa chakudya chotengera munthu chimakhala ndi mwini wake. Analiika pakatebulo ka a Dixon, n'kunena chapansipansi kuti, "Ndakutengerani." M'mawa mwake ndi muja anapeza theka.

Usiku wotsatira anaphika mpunga ndi nkhuku, anaika pamalo pomwepo pamodzi ndi tambula ya madzi, n'kuvundikira ndi kansalu komweko. Anazimitsa magetsi atatsimikiza kuti sagona. Anamva basi yomaliza ikudutsa kumsewu waukulu, anamva woyandikana naye akutsokomola kuseri kwa khoma n'kuzimitsa wailesi yakanema, anamva mapaipi a madzi otentha akuthetheka pamene ankazirala. Kenako panagwa bata lolemera, mdima utadzaza chipinda mpaka ngodya zonse. M'bata limenelo munayamba kumveka kulira kwapansipansi, kochokera pansi pa nyumba, kumene munthu amakumvera m'mafupa asanakumve m'makutu. Anakuzindikira: ndi mmene injini za sitima zinkalirira usiku. Bedi linakwera pang'ono n'kutsika, linakweranso n'kutsika. Madzi a mutambula anayamba kugunda m'mbali mwake, ndipo m'chipindamo munalowa fungo la mchere, mu Birmingham mwenimweni, mmene nyanja amangoionera pakanema. Tulo tinamugwera ngati thumba lomuphimba kumutu.

Kutacha, theka la mpunga kunalibe, nkhuku itagawidwa pakati, kansalu katapindidwa.

Kunena zoona, poyamba Zelipa sanachite mantha. Anakondwa. Madzulo aliwonse ankaphika, m'mawa uliwonse ankapeza theka, ndipo theka lotsalalo ankalitaya m'bini, chifukwa chichokereni kumaliro m'mimba mwake munatsekeka. Ankangomwa tiyi. Chakudya chikafika pakhosi ankakumbukira thawulo lija, n'kukankhira mbale kutali. Yunifomu yake inayamba kumulendewera m'mapewa.

Analakwitsa pouza Queen, namwino mnzake, atamupempha kuti zisatuluke. Pofika Lamlungu mpingo wonse wa Amalawi unali utadziwa, mpaka omwe sabwera kutchalitchi. Ena ankati thupi linakwera ndege kupita ku Dedza koma mzimu wa munthu wofera pamadzi sudziwa njira, umangotsatira chinthu chimene chinatsika m'sitima. Mayi wina wa ku Zambia anati kansaluko katenthedwe. Akulu a mpingo anabwera kudzapemphera, ndipo potuluka anayenda mofulumira kuposa mmene analowera. Achinyamata ankati amayiwa akaonane ndi dokotala, chisoni chawapweteka mutu. Koma mphekesera imene inafika m'makutu mwa Zelipa n'kukhazikika ndi yakuti wakufayo sakhuta, ndipo chimene akudya kwenikweni si mpunga ayi, ndi mkazi wake. Suja akuonda tsiku ndi tsiku?

Apa mantha anamupeza. Ngati a Dixon akudya, bwanji sakukhuta n'kupita kukapuma? Kapena njala ya munthu wofa akudikira siitha? Kusiya kuwaikira sakanatha, poti ndiye kuwadikiritsa kachiwiri. Anapitiriza, uku nyumba ikugwedezeka kwambiri usiku uliwonse, moti tsiku lina anamva mahang'ala okolekera zovala m'kabati akugundana okha. Ndipo m'mawa wina ali kuntchito, maso anachita mdima, anagwa pakati pa wodi. Akuluakulu ake anamuuza kuti akapume kunyumba.

Thandiwe anafika madzulo omwewo ndi kachikwama kogonera. Mwana ameneyu anabwera ku England ali wamng'ono, Chichewa amachimva chonse koma chikamatuluka chimatuluka chosakaniza. Anati agona pampando m'chipinda cha amayi ake, aone ndi maso ake, ndipo akapeza kuti ndi makoswe, kansaluko kapita m'bini. Zelipa sanakane. Anaika mbale pamalo pake, anavundikira, n'kugona chagada.

"Ukawaona usakuwe," ananong'ona mumdimamo. "Bambo ako ndi amanyazi."

Basi yomaliza inadutsa. Mapaipi anathetheka n'kukhala chete. Kenako kulira kuja kunayamba pansi pa nyumba.

"Ukumva?"

"Ndi boyila yotenthetsera madzi imeneyo, mamu," anatero Thandiwe, koma mawu ake anali aang'ono. Patapita kanthawi Zelipa anamumva akukoka mpweya m'mphuno, ngati munthu amene wamva fungo lachilendo. Anafuna kumufunsa, koma tulo tija tinamuphimba.

Anadzuka kunja kukuyera. Thandiwe sanali pampando. Anali atakhala pansi, msana utatsamira chitseko, atadzikulunga bulangeti, maso ali psu. Pakatebulo panali theka la chakudya ndi kansalu kopindidwa.

"Wawaona?" anafunsa Zelipa.

"Ndinu, amayi. Mukudya ndinu."

Anafotokoza pang'onopang'ono kuti pakati pa usiku amayi ake anadzuka maso ali otsegula koma osaona kanthu, anazungulira bedi, anakhala mbali ya abambo, anasamba m'manja ndi madzi a mutambula, n'kuyamba kudya. Zelipa anamva manyazi, kenako chisoni chachikulu kuposa manyaziwo. Pokhala namwino ankadziwa kuti alipo anthu amene amayenda ndi kudya ali m'tulo. Ndiye kuti usiku wonsewu chakudya chinkalowa m'mimba mwake momwe, ndipo a Dixon sanalaweko ngakhale njere imodzi. Anali akadali pampando paja, atasamba m'manja.

"Basi bambo ako sanadye," anatero.

"Taonani dzanja lanu."

Zelipa anatambasula manja ake pabulangeti. Lamanja linali loyera. Lamanzere linali ndi mafuta a nkhuku mpaka m'zikhadabo, njere ya mpunga itamata pachala chachikulu. Iye chibadwire sanagwirepo ngakhale supuni ndi dzanja limenelo.

"Simunagwetse kanthu," anatero Thandiwe. "Munadya ngati dadi, mutu utapendekera kumbali. Munagawa nkhuku pakati, munakankhira mbale mbali yanu yogona, n'kunena kuti, 'Theka ndi lanu, amake Thandi. Apa mudye ndi ine.'" Anayang'ana amayi ake m'maso. "Kenako munanditembenukira. Munati, 'Iwe, amayi ako akuonda chonchi, uli kuti?' Mamu, mawu amenewo sanali anu."

Kunja galimoto yotola zinyalala inkalira chakumunsi kwa msewu, ana asukulu akuitanana m'Chingerezi. Zelipa anayang'ana mbale ija nthawi yaitali. Anakumbukira matheka onse amene anakhala akuwataya m'bini m'mawa uliwonse, osaganiza n'komwe kuti nawo anali ndi mwini wake. Iye ankavutika ndi njala ya amuna ake, osadziwa kuti wanjala m'nyumbamo ndi ndani. Kaya anali a Dixon, kaya linali thupi lake lomwe likukana kufa, zimenezo sanathe kuzimasula, ndipo mpaka lero safuna kukangana nazo.

Anapempha Thandiwe kuti amubweretsere madzi osamba m'manja. Anakoka mbale ija n'kuiika pamiyendo. Mpunga unali wozizira, mafuta a nkhuku atagwirana, ndipo Thandiwe anati akautenthetse kaye, koma Zelipa anapukusa mutu. Anadya ndi dzanja lamanja, pang'onopang'ono, mpaka mbale inayera.

"Ndadya, abambo a Thandi," anatero, akuyang'ana mbali yopanda munthu ya bedi. "Inunso mwadya. Kapumeni."

Madzulo amenewo mayi ndi mwana anadyera limodzi kukhitchini, ndipo pakatebulo kaja sanaikepo kanthu. Zelipa anagona akumvetsera. Basi yomaliza inadutsa, mapaipi anathetheka n'kukhala chete. Anadikira kulira kwa injini, anadikira fungo la mchere, koma nyumba inaima nji pansi pouma pa Erdington. Ndi usiku umenewo pamene Zelipa analira maliro a amuna ake.